Waifai Itayamba Kuchedwa Pambuyo pa Maliro

Intaneti ya m'nyumba mwathu ku Mandimba anaikitsa ndi mkazi wanga. Ine ndine mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo choko ndi bolodi zinkandikwanira. Iye ntchito yake inali pakhomo pomwepo. Anali ndi kompyuta ndi makina osindikizira pangodya ya pabalaza, ndipo anthu ankabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito, mapepala a katundu wodutsa pamalire, ngakhale makadi oitanira anthu ku ukwati. Netiweki ya pafoni inkamuchedwetsa ntchito, ndiye chaka china anaitanitsa kambale koyera koyang'ana kumwamba, amisiri n'kukakhomerera padenga. Chingwe chinatsika kuchokera pa kambaleko mpaka pa kabokosi kamene ankakatchula kuti rauta, ndipo rautayo inkakhala pamwamba pa shelefu ya pabalaza n'kumamwaza waifai m'nyumba monse. Ine chomwe ndinkadziwa n'chakuti ndikalowa pakhomo foni yanga inkalumikiza yokha.

Mkazi wanga anagwa Lachiwiri lina m'mawa akuyanika zovala. Kuchipatala cha kwathu anati tipite naye ku Cuamba, ndipo kumeneko anatisiya pa tsiku lachitatu osatsegulanso maso. Za ulendo wobwerera ndimakumbukirako zochepa. Ndimakumbukira kuti dalaivala anandifunsa ngati atseke zenera, ine ndinati atseke, ndipo patapita nthawi anandifunsanso ngati atsegule, ndinati atsegule.

Titafika kunyumba tinapeza anansi atachotsa kale zonse pabalaza kuti bokosi ndi azimayi apeze malo. Mipando, tebulo, shelefu ndi makina osindikizira zinapita m'kanyumba kosungiramo chimanga kuseri. Rauta anaiika pansi m'kanjira kopita kukhitchini, kuseri kwa jeleira yoziziritsira madzi, chifukwa ndi pomwe panali soketi ina. Anthu anabwera ambiri, ndipo aliyense ankafuna kuuza abale a ku Lichinga, ku Mangochi ndi ku Joni. Ankangofunsa mawu achinsinsi olowera pa waifai, amene kuno timati senya. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi mwana wathu yekhayo ndipo anali ndi zaka makumi awiri, atatopa ndi kuyankha analemba senyayo pa chidutswa cha katoni n'kuchikhomera pa chitseko cha kukhonde. Tsiku lotsatira tinanyamula maliro kupita ku Massangulo, kwawo kwa malemu, ndipo tinaika masana dzuwa likuswa mtengo.

Sindinalire. Anthu ankati aphunzitsi ndi olimba mtima, koma sikunali kulimba. Misozi siinabwere basi. Akandipatsa chakudya ndinkadya, akandiuza kuti ndikasambe ndinkasamba. Akulu a sukulu anati ndipume kaye milungu ingapo. Alendo omaliza atachoka tinatsala awiri m'nyumba, ndipo palibe anaganiza zobwezera katundu pabalaza. Panangotsala mkeka umodzi ndi mpando wapulasitiki womwe wina anauiwala. Ine ndinkagona pamkekapo. Kuchipinda chathu ndinkangolowako kukatenga malaya.

Mwana wangayo ankaphunzira zaumoyo ali pakhomo. Aphunzitsi ake ankaphunzitsa pa kanema masana aliwonse, iye n'kumaonera pa laputopu, ndipo mayeso okha ndi omwe ankakalembera ku Cuamba. Sabata yachitatu anayambiranso maphunziro. Tsiku lina anatuluka m'chipinda chake n'kuima pakhomo.

"Bambo, waifai ikuchedwa. Aphunzitsi akumangouma pakati pa mawu, kukamwa kuli yasa."

"Inayamba liti?"

"Sindikudziwa. Kale sinkatero."

Ndinadzuka pamkeka paja. Aka kanali koyamba chichitikireni maliro kuti munthu andiuze chinthu chomwe ndingathe kuchitapo kanthu ndi manja.

Ndinayamba ndi zomwe ndinkaona malemu akuchita. Ndinazula rauta pasoketi, n'kuwerenga mpaka makumi atatu, n'kubwezeranso. Timagetsi take tinaphethira, kenako tinakhazikika. Mwana anati palibe chasintha. Tsiku limenelo ndinachita zimenezo kasanu ndi kamodzi. M'mawa mwake ndinabwereka makwerero kwa kalipentala wa kumsika, ndinakwera padenga ndi kansalu konyowa, ndipo ndinapukuta kambale kaja mpaka kanayera mbee. Ndili pamwambapo ndinaona kuti nthambi ina ya mtengo wa mango yatambalala chakufupi ndi kambaleko. Ndinatsika, ndinatenga chikwanje, n'kukaidula. Inali nthambi yomwe malemu ankamangapo chingwe choyanikira zovala. Ndinazindikira zimenezo itagwa kale, chingwe chili piringupiringu m'masamba. Ndinachimasula bwinobwino, n'kuchikulunga, n'kuchiika pawindo. Waifai sinasinthe.

Ndinaimbira a kampani. Mayi wina anandiyankha m'Chipwitikizi choyera cha kutauni, ndipo atayang'ana kwa kanthawi anati kumbali yawo zonse zili bwino, intaneti ikufika pa nyumba yanga ndi mphamvu yake yonse. Anafunsa ngati mwini dzina lomwe linalembedwa ali pafupi. Ndinati kulibe, wachokapo. Anati ndimupatse moni, ine ndinati zikomo.

Mwana anandiikira pafoni kapulogalamu koyezera liwiro. Ukadina, muvi umazungulira ngati wa m'galimoto, kenako umaima pa nambala. Ndinatenga kope la ana a sukulu lomwe linatsala ndi masamba, ndinajambulamo nyumba yathu, zipinda zake zonse, ndipo ndinayamba kuyenda ndi foni m'manja. Pakona iliyonse ndinkaima, kudina, kudikira, n'kulemba. Ndinkayeza m'mawa, masana ndi dzuwa likapendeka. Pafupi ndi jeleira muvi unkakwerako pang'ono. Pabalaza unkatsika. M'chipinda cha mwana unkangogwedera osafika n'komwe pa khumi. Ndinalowanso m'chipinda chathu, ndinaima kumutu kwa bedi, mbali yomwe malemu ankagona, ndipo ndinadikira muvi. Pa katebulo panali magalasi ake, mafuta odzola ndi kolona. Ndinaziona zonsezo monga mmene munthu amaonera katundu m'sitolo yomwe walowamo pothawa mvula. Muvi unaima, ndinalemba nambala, ndinatuluka.

Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi atatu. Kope linadzaza. Anzanga a kusukulu atabwera kudzandiona ndinawaonetsa manambala anga, iwo n'kumayang'anizana. Mmodzi anati, "Achimwene, mukugona koma?" Ndinati ndikugona, ndipo ndinamuonetsa kuti Lachinayi masana liwiro linatsika kwambiri kuposa Lachitatu.

Tsiku lina pofufuza m'katoni ya malemu ndinapeza chingwe chachifupi chachikasu, mitu yake iwiri yofanana. Mwana anati n'cholumikizira laputopu ku rauta mwachindunji. Tinayesa. Muvi unathamanga mpaka kumapeto, nambala n'kudutsa zana. Titazula chingwe unabwerera pansi pomwe unali. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga ankaphunzirira pansi m'kanjira kaja, atatsamira khoma, miyendo ataipinda kuti ine ndizitha kudutsa popita kukhitchini. Jeleira inkalira pambali pake. Sanadandaule, ndipo ine sindinaone chachilendo. Ndinangolemba m'kope kuti pa chingwe ili bwino, pa waifai ndi pomwe pali vuto.

Loweruka anabwera mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu. Iye amakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kake pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Cuamba. Anakwera minibasi ya m'mawa, yomwe kuno timati shapa, atanyamula nthochi ndi kachikwama ka zida. Mwana ndi yemwe anamuimbira. Atalowa anaima pakati pa balaza lopanda kanthu lija, n'kuyang'ana mkeka, kenako ine.

"Alamu, mukugona apa?"

"Pakupita mphepo."

Ndinamupatsa kope lija. Analitsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, ndipo sanaseke.

"Ntchito mwagwira," anatero. "Tsono rautayo ili kuti?"

Ndinamulondolera m'kanjira. Anagwada, n'kusuzumira kuseri kwa jeleira, ndipo anaitulutsa ili ndi fumbi ndi ulusi wa kangaude.

"Anaiika apa ndani?"

"Anthu, tsiku la maliro."

"Ndiye yakhala pano mwezi wathunthu? Alamu, ichi n'chitsulo, jeleira yonseyi. Uku khoma la njerwa zootcha, ukunso khoma. Pansi simenti. Ngakhale inuyo atakugonekani apa n'kukuuzani kuti muitane munthu ali kuchipinda, angamve? Achemwali ankaiika pamwamba pa shelefu dala, pakati pa nyumba. Kampani sinakunamizeni, intaneti ikufikadi. Ikulephera kutuluka m'kona muno."

Ndinati ndinadula nthambi ya mango. Anati nthambiyo inalibe mlandu.

Kenako anatembenuza rauta, n'kuwerenga kapepala komata kunsi kwake, n'kulemba zina pa laputopu ya mwana. Panatuluka mndandanda wautali. Anati awa ndi mafoni onse omwe akudya pa waifai yathu. Anawerenga ndi chala, n'kupeza makumi awiri ndi atatu.

"M'nyumba muno mulimo anthu angati?"

"Awiri."

Mwana anagwira pakamwa. "Katoni ija," anatero. Tinatuluka kukhonde. Chidutswa cha katoni chinali chikadali pa chitseko, mvula yoyamba itafufutako pang'ono, koma manambala akuwerengeka. Ine ndinkadutsa pa chitsekocho tsiku lililonse.

Mlamu anafotokoza kuti kuchuluka kwa anthu si vuto lokhalo. Foni yomwe ili kutali, kuseri kwa mpanda kapena kumsewu, imamva movutikira, ndiye rauta imataya nthawi kubwerezabwereza kwa iyo, ena onse ali pamzere kudikira. Ndinamvetsa msanga, chifukwa m'kalasi mwanga zimachitikanso ndikakhala ndi mwana wosamva bwino kumbuyo.

Tinabwerera pa mndandanda. Mafoni ambiri analibe mayina, anali ndi zilembo ndi manambala chabe. Koma pafupi ndi pansi panali limodzi lomwe linalembedwa dzina la malemu, ndipo pambali pake panali kadontho kobiriwira kosonyeza kuti foniyo ndi yoyaka. Mlamu anasiya kusuntha chala. Ine ndinkaganiza kuti foniyo inazima kalekale m'chikwama chomwe tinabwera nacho kuchipatala.

"Ili m'dirowa mwanga," mwana anatero, akuyang'ana pansi. "Ndimaitchaja. Anthu akumatumizabe mapepala oti amayi awasindikizire. Ena ndi a ku Entre Lagos, sanamve. Ndimawayankha."

"Umawauza chiyani?" ndinafunsa.

"Kuti amayi anamwalira, apite kwina."

"Angati?"

"Tsiku lililonse amakhalapo."

Mlamu anatulukira kukhitchini, ndipo ndinamva akutsegula mpopi n'kuusiya ukutuluka. Mwana anayamba kulira osatulutsa mawu. Ndinaika dzanja paphewa pake chifukwa ndinkadziwa kuti ndi zomwe bambo amachita. Dzanjalo ndinkaliona ngati la munthu wina. M'mutu mwanga munali funso limodzi lokha, loti kaya foni ya m'dirowa nayonso imachedwetsa waifai. Mlamu atabwerera ndinamufunsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira, kenako anati ayi, imeneyo siikudya kanthu, isiyeni.

Kuti rauta ibwerere pamalo pake pankafunika shelefu, ndipo shelefu inali kumbuyo kwenikweni m'kanyumba ka chimanga. Kuti tiifikire tinayenera kutulutsa mipando, tebulo ndi makina osindikizira. Zitakhala panja mlamu anati n'kupusa kuzibwezeranso mu fumbi, ndiye tinazipukuta n'kulowetsa pabalaza chimodzichimodzi. Pasimenti panali madontho a miyendo ya chilichonse, choncho sitinavutike kudziwa pomwe chinkakhala. Anankafumbwe anali atalowa m'thireyi ya mapepala ya makina aja. Tinagwira ntchito mpaka masana osalankhulana zambiri. Mkeka wanga mlamu anaupinda n'kuuimika kuseri kwa chitseko, osandifunsa.

Rauta itakwera pashelefu, tinyanga take titaimitsidwa, mlamu anati rautayo imatulutsa waifai ziwiri. Ina ndi yothamanga koma siidutsa makoma ambiri, ina ndi yofika patali koma yodekha. Anazipatsa mayina osiyana, ndipo anauza mwana kuti laputopu izikhala pa yothamangayo. Anatsegulanso yachitatu ya alendo, yokhala ndi malire, kuti tikafuna kupatsa munthu tizipereka imeneyo.

"Tsopano senya yatsopano. Alamu, nenani mawu."

Yakale inali mawu omwe malemu anasankha yekha, dzina la kamtsinje ka kwawo komwe ankachapako ali mtsikana. Ndinafufuza m'mutu mwanga mawu aliwonse, koma munalibe. Ndinayang'ana patsogolo panga n'kutchula chomwe ndinaona.

"Tebulo."

"Ndi lalifupi."

"Tebulo ndi mpando."

Analemba zomwezo, n'kuwonjezera manambala awiri kumapeto. Mndandanda uja unafupika nthawi yomweyo, n'kutsala mafoni athu atatu ndi laputopu. Mwana anapita kuchipinda chake kukalumikiza foni ya m'dirowa ija, ndipo inaonekeranso pansi pa mndandandawo.

Ndinayenda ndi foni yanga m'zipinda zonse komaliza. Paliponse muvi unkathamanga. M'chipinda cha mwana unafika pafupi ndi pomwe unkafika pa chingwe. Ndinaima pakhomo ndi kope m'manja, osadziwa choti ndilembenso. Mlamu anati, "Zatheka, alamu." Ndinati zikomo kwambiri. Ndinkayembekezera kuti mwina ndimva kupepukidwa, koma chomwe ndinaona n'chakuti mawa ndilibe chochita.

Mlamu anabwerera ku Cuamba Lamlungu titachoka ku Misa. Pokwera shapa anandiuza kuti ndiyambe ntchito, ana a anthu akudikira. Ndinati ndiyamba Lachitatu.

Lolemba masana, mwana ali m'kalasi yake ya pa kanema m'chipinda mwake, ndinamva odi kukhonde. Anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe kuseri kwa mpanda, Msilamu, wachikulire kuposa ine. Pa maliro paja mayi ameneyu anatsuka miphika masiku atatu, ndipo ndi iye anatsogolera azimayi anzake a kumzikiti kudzakhala ndi ife ngakhale mapemphero athu ndi osiyana. Mwamuna wake anamwalira kale, ndipo mwana wake wamwamuna ali ku Joni zaka zambiri. Anakhala pansi pa sitepe, foni ataikulunga pa nsonga ya mpango.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu amayi?"

"Ndaswera. Ndimati ndifunse, waifai ija yafa? Kuyambira Loweruka foni yanga ikukana."

Ndinamuuza zoona, kuti tinasintha senya chifukwa anthu anachuluka ndipo mwana ankalephera kuphunzira. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Pepani. Ine sindimadziwa kuti tikumuvutitsa mwanayo. Ndimaona ngati ili ngati wailesi, kuti wina akamamvera mnzake sachepekedwa. Ndimakhala paja pa mpanda, pafupi ndi papaya, ndi pomwe imagwira. Mwana wanga ndinali ndisanamuone nkhope zaka zinayi, ndinadzamuona pafoni nthawi ya maliro ija." Anayamba kudzuka. "Basi, ndimangofuna kudziwa."

Ndinamuuza kuti akhale kaye. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kapepala komwe mlamu analembapo senya ya alendo, ndipo ndinailowetsa m'foni mwake ndekha. Ndinamufotokozera kuti pa mpanda paja ndi patali, foni ikakhala kumeneko imachedwetsa ena, ndiye akafuna kuimba azibwera pakhonde pano. Anati sangamasowetse mtendere pakhomo pa namfedwa. Ndinati pakhondepo sipakhala munthu.

Anaimba pomwepo. Inalira kawiri, kenako nkhope ya mwamuna wandevu, wovala chipewa cha ntchito, inadzaza foni yonse, yooneka bwino mpaka thukuta la pamphuno. Analankhulana m'Chiyao mofulumira, mayi akuseka n'kumaphimba pakamwa ndi mpango. Ndinamvako zoti lero chithunzi sichikuduka. Kenako mayi anatembenuzira foni kwa ine.

"Apatse moni aphunzitsi, ndi eni ake."

Mwamunayo anavula chipewa. Ndinamuphunzitsapo ali mwana, koma sindikanamuzindikira panjira.

"Aphunzitsi, pepani ndi zovuta zija. Ndinamva, koma ndinalephera kubwera. Amayi aja ndi amene anandilembera kalata yoyamba yofunsira ntchito kuno."

"Zikomo," ndinatero. "Zinachitika."

Anadikira ngati ndinena zina. Kumbuyo kwake kunkadutsa galimoto zambiri. Ndinamufunsa ngati akundimva bwino, anati akundimva bwino kwambiri, ngati ndili pafupi. Ndinabwezera foni kwa mayi ake, ndinawasiya akucheza pa sitepe, ndipo ndinalowa m'nyumba kukafuna malaya oti ndisite a Lachitatu.